Utatu ndi Manda a ku Chembe: Kodi Timatsutsa Zimene Akhristu Amakhulupiriradi?

Timuyamika Allah, Mmodzi yekha wopanda mnzake, ndipo tikupempha madalitso ndi mtendere kwa Mtumiki Wake Muhammad, kwa Mneneri Isa mwana wa Maryam, ndi kwa Aneneri onse.

Kumapeto kwa mudzi wa Chembe, munthu akadutsa mathandala oyanikapo usipa ndi nyumba zogona alendo n'kulowera cha ku Otter Point, amafika pa manda akale m'tsinde mwa phiri. Pamenepo padagona amishoni oyambirira a Livingstonia. Chaka chatha tidapitako ndi ophunzira athu a phunziro la mbiri, chifukwa mbiri ya Chisilamu cha ku Mangochi siimveka bwino kwa munthu wosadziwa za anansi amene takhala nawo pa nyanjayi kwa zaka pafupifupi 150.

Pobwerera tidapeza bambo wina wachikulire akusoka ukonde pamthunzi. Titapatsana moni, zidadziwika kuti ndi mkulu wa mpingo. Mmodzi mwa ophunzira athu, mnyamata wa mutu wakuthwa amene adaloweza mavesi a Baibulo ambiri kuposa ma ayah a Surah Al-Baqarah, sadachedwe. Adati: “Agogo, chimodzi kuphatikiza chimodzi kuphatikiza chimodzi ndi zingati? Nanga inu mumapembedzeranji milungu itatu?” Mkuluyo sadasiye kusoka. Adangoti: “Mdzukulu wanga, ine nditanena kuti milungu ilipo itatu, abusa angandidule mu mpingo sabata yomwe ino. Ukafuna kunditsutsa, uyambe wandifunsa chimene ndimakhulupirira.”

Mnyamatayo adaseka poganiza kuti mkuluyo wathawa funso. Ife manyazi adatigwira, pakuti amene adalankhula mwanzeru pa awiriwo sadali wathu, ndipo amene adamuphunzitsa mnyamatayo ndi ife tomwe.

Pa Tawhid tilibe chikaiko. Qur'an idakana Utatu momveka mu Surah An-Nisa ayah 171 ndi mu Surah Al-Ma'idah ayah 73, ndipo Msilamu alibe pokambirana pamenepo. Chimene tikudzudzula ndi njira imene ambiri a ife tikutsutsira chiphunzitsochi m'misika, pa mihadhara ndi pa WhatsApp. Timatsutsa chinthu chimene mwini wake akuchikana, timanena za mbiri zimene sizidachitike, ndipo potero pamene tikusiyana kwenikweni ndi Akhristu sitifikapo n'komwe.

Mmene chiphunzitsochi chidafikira pa gombe lino

Mu October 1875 sitima yaing'ono ya nthunzi yotchedwa Ilala idalowa m'nyanja kuchokera mu mtsinje wa Shire, itanyamulidwa zidutswazidutswa ndi anthu mazanamazana polambalala mathithi. Wotsogolera ulendowo adali Edward Young, ndipo mwa anzake mudali dokotala wachinyamata Robert Laws. Adatumidwa ndi mpingo wa Free Church of Scotland kudzatsegula mishoni yokumbukira David Livingstone, amene adamwalira mu 1873. Asadafike ku Chembe adaima kwa mfumu Mponda, yemwe adawalola kukhala m'derali.

Matenda sadawachitire chisoni. Dr William Black adamwalira mu 1877, ndipo chaka chomwecho adamwaliranso Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Padapita zaka zoposa zisanu munthu woyamba asadabatizidwe. Munthuyo adali Albert Namalambe, pa 27 March 1881. Chaka chomwecho mishoni idasamukira ku Bandawe kwa Atonga, Namalambe n'kutsala akuyang'anira za ku Chembe. Ubatizo wake, monga ubatizo uliwonse wa mipingo imeneyi, udachitika potchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Choncho pa gombe lino Utatu udafika ngati khomo lolowera mu mpingo, ndipo udakali khomo mpaka lero.

Nthawi yomweyo Chisilamu chidali chikuzika mizu pa nyanja yomweyi. Ku Nkhotakota kudali a Jumbe kuyambira m'ma 1840. Mfumu Makanjila idalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo pambuyo pake Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, amene adaphunzira ku Kilwa, adayenda m'madera a m'mbali mwa nyanja akuphunzitsa Qur'an. A Anglican adakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo ansembe a Katolika a White Fathers adakhala kwa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891. Mawu a Shahada ndi mawu a ubatizo akhala akumveka pa madooko amodzimodzi kuyambira masiku amenewo.

Ndi bwinonso kudziwa kuti si onse otchedwa Akhristu amene amavomereza Utatu. Mu 1908 Elliot Kamwana, Mtonga amene adaphunzira m'sukulu za Livingstonia yomweyo, adabwerera kwawo kuchokera ku South Africa ndi ziphunzitso za Watch Tower za Charles Taze Russell, zimene zimakana Utatu. Adabatiza anthu oposa 9,000 boma la atsamunda lisadamuchotse m'dziko mu 1909. A Mboni za Yehova amaukanabe lero. Koma Akatolika, a CCAP, a Anglican, a Baptist ndi mipingo yambiri ya Pentekoste amaugwira ndi manja awiri, ndipo amenewa ndiwo ambiri mwa anansi athu.

Kodi eni ake amati chiyani?

Chikhulupiriro chimene amishoni a ku Scotland adabwera nacho chidalembedwa m'buku la Westminster Confession la 1646, ndipo pa nkhani ya Utatu silisiyana ndi Akatolika. Mwachidule amati Mulungu ndi mmodzi, ndipo Umulungu wake ndi umodzi wosagawika. Mu Umulungu umodziwo muli atatu osiyana: Atate si Mwana, Mwana si Mzimu Woyera, Mzimu Woyera si Atate. Aliyense mwa atatuwo ndi Mulungu wathunthu, osati gawo limodzi mwa magawo atatu. Palibe amene adayamba kukhalapo mnzake kulibe. Akamati Mwana ndi wobadwa kwa Atate, amakana kuti kubadwako kudali kwa thupi kapena kodzera mwa mkazi, ndipo amati kulibe tsiku limene kudayamba.

M'Chigiriki chimodzicho adachitcha *ousia* ndipo atatuwo adawatcha *hypostasis*. Akhristu olankhula Chiarabu adati *jawhar* imodzi ndi *aqanim* zitatu, ndipo mawu amenewa ndi amene mudzawapeze m'mabuku a ma ulama athu. Mipingo imeneyi imamuyesa wosokera munthu wonena kuti milungu ndi itatu. Imamuyesanso wosokera wonena kuti ndi mmodzi wongosintha maina, monga bambo amene kunyumba ndi tate, kunyanja ndi msodzi, kubwalo ndi nduna. Ganizo limeneli limadziwika ndi dzina la Sabellius wa m'zaka za m'ma 200, ndipo lidakanidwa kalekale. Choncho Mkhristu wa pamsika akakupatsani fanizo la madzi, nthunzi ndi ayisi, dziwani kuti nayenso sadafotokoze bwino za mpingo wake, ndipo kumugonjetsa iyeyo si kugonjetsa chiphunzitsocho.

M'chilankhulo chathu muli zopunthwitsa zina. Ambiri akamafotokoza Utatu m'Chichewa amati anthu atatu mwa Mulungu mmodzi, koma kwa ife munthu ndi wa miyendo iwiri, wokhala ndi mutu wake ndi maganizo ake. Liwu loti mzimu lidali kale ndi ntchito yake pakati pa makolo athu: mizimu ndi ya akufa, imene ankaithirira nsembe. Liwu loti mwana nalo silimveka popanda mayi, makamaka kwa Achewa ndi Ayao kumene mwana amawerengedwa ku mbumba ya mayi wake. Wophunzira wathu akamva mawu atatuwa, m'mutu mwake mumabwera banja. Koma chilungamo chikufuna kuti tivomereze kuti si zimene buku lawo likutanthauza.

Pali cholakwa china chofala pakati pathu, chonena kuti Utatu wa Akhristu ndi Allah, Isa ndi Maryam. Palibe mpingo mwa imene taitchula umene umamuika Maryam mu Utatu. Ayah 116 ya Surah Al-Ma'idah, imene ambiri amaigwiritsa ntchito pa mfundoyi, siitchula nambala ya atatu. Ikunena za kumutenga Isa ndi mayi wake kukhala opembedzedwa, ndipo chenjezo limenelo likukhudza aliyense wopereka kwa cholengedwa mapemphero oyenera Mlengi, ngakhale Msilamu amene amachita zotero pa manda a shehe wake.

Mbiri yoona ndi mbiri ya pa mhadhara

Zinthu zinayi zimene timazimva kawirikawiri ziyenera kusiyidwa, chifukwa si zoona.

Choyamba ndi chakuti Utatu udapekedwa ndi azungu. Munthu woyamba wodziwika kugwiritsa ntchito liwu la Chilatini loti *trinitas* ndi Tertullian wa ku Carthage, m'dziko la Tunisia la lero, cha m'ma 200. Arius, amene adatsutsa zoti Mwana ndi wofanana ndi Atate, adali wansembe wa ku Alexandria wochokera ku Libya. Mdani wake wamkulu Athanasius, amene adamwalira mu 373, adali bishopu wa ku Alexandria komweko. Augustine, amene adalemba buku lalikulu la Utatu, adali bishopu wa ku Hippo, m'dziko la Algeria la lero. Mkangano umenewu udaphikidwa kwambiri kumpoto kwa Africa, a ku Scotland adangobwera nawo utapsa kale.

Chachiwiri ndi chakuti mfumu Constantine ndiye adayambitsa Utatu pa msonkhano wa ku Nicaea mu 325, n'kusankhanso mabuku a m'Baibulo. Tertullian adalemba zake zaka zoposa 100 msonkhanowo usadachitike, ndipo nkhani yosankha mabuku siidali pa mndandanda wa zokambirana za ku Nicaea. Constantine mwini wake adabatizidwa mu 337 ndi Eusebius wa ku Nicomedia, amene adali mbali ya Arius, ndipo Athanasius adathamangitsidwa pa mpando wake kasanu.

Chachitatu ndi chakuti Arius adali ngati Msilamu. Arius ankaphunzitsa kuti Mwana adalengedwa zinthu zonse zisadalengedwe, ndi kuti dziko lidalengedwa kudzera mwa iye. Ameneyu si Isa (AS) wa mu Qur'an, amene ndi kapolo wa Allah ndi Mtumiki Wake, wobadwa mwa Maryam popanda bambo.

Chachinayi ndi buku lotchedwa Injil ya Barnaba, limene ena amaliyesa Injil yeniyeni imene idabisidwa. Zolembedwa zake zodziwika ndi za m'Chitaliyana ndi m'Chisipanishi, za chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi pambuyo pake. Choopsa kwambiri ndi chakuti bukulo limakana kuti Isa ndi Mesiya, pamene Qur'an imamutcha Al-Masih mobwerezabwereza. Amene akuligwira ngati chida akugwira mpeni kotsogolo.

Nkhani ya vesi ya 1 Yohane 5:7 nayo tiziitenga moyenera. Ndi zoona kuti mawu otchula atatu akumwamba mulibe m'zolembedwa zakale kwambiri za Chigiriki. Erasmus sadawaike m'buku lake la 1516, adadzawalowetsa mu la 1522, ndipo Mabaibulo ambiri amakono adawachotsa. Koma amene adatulukira zimenezi ndi akatswiri Achikhristu, ndipo a ku Nicaea sadatsamire pa vesi imeneyo. Maumboni awo ndi ena, monga chiyambi cha Yohane, Yohane 20:28 ndi Mateyu 28:19. Mbusa wophunzira sagwedezeka mukamuuza chimene adachiphunzira chaka choyamba ku koleji.

Mbiri yoona ikutikwanira popanda kuwonjezera. Liwu limene lidamanga chigamulo cha ku Nicaea, *homoousios*, lotanthauza kuti Mwana ali ndi Umulungu umodzimodzi ndi Atate, mulibe m'Baibulo. Za Mzimu Woyera zidadzalongosoledwa pa msonkhano wa ku Constantinople mu 381, patangopita chaka mfumu Theodosius italamula kuti chikhulupiriro cha ku Nicaea ndicho cha boma. Zidatenga zaka zoposa 300 chichokere Isa (AS) kuti chiphunzitsochi chipeze mawu ake. Akhristu amati mpingo unkangofotokoza chimene unkachikhulupirira kale. Ife tikuti chinthu chimene chili khomo la chipulumutso sichikadayembekezera nthawi yonseyo kuti chipeze mawu.

N'chifukwa chiyani amaugwira chotere?

Funso limeneli ndi limene ophunzira athu safunsa. Kodi anthu ophunzira ngati Robert Laws, amene adali dokotala komanso mbusa, sankadziwa kuwonkhetsa? Kodi Black ndi Ngunana adadzafera pa gombe lino chifukwa cholephera masamu?

Kwa Mkhristu, Utatu ndi yankho la funso la tchimo. Chiphunzitso chawo chimati kulakwa kwa Adam kudaipitsa mtundu wonse wa anthu, kotero kuti palibe munthu angadzikonze yekha kapena kulipira mangawa ake kwa Mulungu. Pafunika mpulumutsi. Athanasius adaumirira kuti cholengedwa sichingapulumutse cholengedwa chinzake, choncho mpulumutsiyo ayenera kukhala Mulungu weniweni. Koma mpulumutsiyo m'mabuku awo amapemphera kwa Atate, ndiye kuti ndi wosiyana ndi Atate. Pamwamba pa izo, Mulungu ayenera kukhalabe mmodzi monga Musa (AS) adaphunzitsira. Utatu ndi chingwe chimene adamangira mitolo itatu imeneyi kuti isabalalike.

Ndiye chifukwa chake mkulu uja wa ku Chembe sadagwedezeke. Mukamuuza kuti asiye Utatu, iye akumva kuti mukumuuza kuti machimo ake sadakhululukidwe ndipo akazi ake amene adawaika m'manda alibe chiyembekezo. Munthu sataya chingwe chimene akukhulupirira kuti chamugwira pamadzi akuya chifukwa choti mwamuseka. Angachitaye pokhapokha ataona kuti pamene waima ndi posaya.

Pamene tikusiyana kwenikweni

Tikaufotokoza Utatu mwachilungamo, mafunso athu sachepa mphamvu. Amakula.

Loyamba ndi la Aneneri. Mu usul al-fiqh timaphunzira kuti naskh, kufafanizidwa kwa lamulo ndi lamulo lina, imalowa pa malamulo, siilowa pa nkhani zonena za mmene Allah alili. Chakudya choletsedwa kwa Mneneri wina chikhoza kuloledwa kwa wina, koma Mulungu wa Ibrahim ndi yemweyo wa Isa. Ana a Israeli adamva kwa Musa (AS) za umodzi wa Mulungu ndipo adaumva kwa zaka zoposa 1,000 popanda atatu mkati mwake, osapezeka Mneneri wowakonza. Mu Marko 12, Isa atafunsidwa za lamulo lalikulu, adabwereza chiphunzitso chomwecho cha Musa, ndipo mlembi wa Chiyuda atavomereza monga Ayuda amamvera, Isa adamuyamikira. Akhristu amayankha kuti Mulungu adadziulula pang'onopang'ono. Tikufunsa kuti ngati padali malo oyenera kuululira, kodi sadali amenewo?

Lachiwiri adalifunsa kale Qadi Abu Bakr al-Baqillani, amene adamwalira mu 1013, m'buku lake la *Al-Tamhid*. Akhristu a m'nthawi ya Abbasiyya, monga Ammar al-Basri, ankafotokoza kuti Mwana ndi Mawu a Mulungu ndipo Mzimu ndi Moyo wake. Al-Baqillani adafunsa chifukwa chimene aimira pa zitatu. Ngati mawu ndi moyo zikhala *aqanim*, mphamvu yatsaliranji?

Pamenepa tiyenera kukhala oona mtima, chifukwa Mkhristu wophunzira adzatibwezera funso. Ahlus Sunnah timakhulupirira kuti Mawu a Allah sadalengedwe. Imam Ahmad ibn Hanbal adamangidwa ndi kukwapulidwa chifukwa cha mfundo imeneyi pa mayesero amene adayamba mu 833. Ma ulama a Ash'ari adati sifa za Allah si Iye mwini, komanso si china chosiyana ndi Iye. Mkhristu adzati: nanunso muli ndi zosamvetsetseka. Yankho lathu ndi lakuti sifa siima payokha. Mawu a Allah salankhula ndi Allah, sapemphera kwa Iye, satumidwa n'kubwerera, ndipo palibe Msilamu amaimirira pa swala n'kupempha kwa nzeru za Allah ngati kuti ndi wina wake. Wophunzira amene sadakhazikike pa phunziro la sifa asathamangire mtsutso wa Utatu, adzabwerako ali ndi chikaiko chimene sadapite nacho.

Lachitatu ndi la mtanda. Mu Marko 13:32 Isa akunena kuti Mwana sadziwa za nthawi ya chimaliziro. Msonkhano wa ku Chalcedon mu 451 udayankha kuti mwa iye muli zikhalidwe ziwiri, cha Umulungu ndi cha umunthu, ndipo kusadziwa, njala ndi imfa ndi za umunthu. Tikufunsa: ngati chidafa ndi umunthu wokha, nsembeyo yasiyana pati ndi imfa ya munthu wolungama aliyense? Ngati imfayo idakhudza Umulungu, nanga Wamoyo amene safa ndi uti? Funso limeneli si lopeka ife. Lidagawa Akhristu eni ake, ndipo mpingo wa Copt ku Egypt ndi mpingo wakale wa ku Ethiopia sadavomereze Chalcedon mpaka lero.

Koma muzu uli pa tchimo ndi chikhululuko. Qur'an mu Surah Al-Baqarah ayah 37 ikutiuza kuti Adam (AS) adalapa ndipo Mbuye wake adalandira kulapako. Nkhaniyo idathera pomwepo, palibe ngongole imene idatsikira kwa ana ake. Surah Al-An'am ayah 164 ikutsindika kuti palibe wosenza mtolo wa machimo a mnzake. Allah sasowa kulipidwa kuti akhululuke, pakuti palibe lamulo lili pamwamba pake lomukakamiza. Ngati zili chomwecho, mpulumutsi wofera anthu safunika, ndipo ngati safunika, mitolo itatu ija palibe, chingwe chomangira sichifunikanso. Apa ndi pamene Msilamu ali ndi uthenga wopatsa mnansi wake, ndipo ndi uthenga wopepuza mtima. Amene amathera pa masamu safika pomuuza msodzi wa ku Chembe kuti khomo la kulapa ndi lotsekula popanda magazi a wina.

Akale athu ankachita bwanji?

Ibn Ishaq adalemba kuti nthumwi za Akhristu a ku Najran zitafika ku Madinah, Mtumiki (SAW) adakambirana nazo za Isa (AS), ndipo nthawi yawo yopemphera itakwana adazilola kupemphera mu mzikiti wake. Sadagwirizane, koma adasiyana atapangana pangano. Cha m'ma 781 Khalifa al-Mahdi adakhala masiku awiri ku Baghdad akufunsana ndi Timothy, mkulu wa mpingo wa Kum'mawa, ndipo mkuluyo adabwerera kwawo mwamtendere n'kukalemba zonse zimene adakambirana.

Abu Isa al-Warraq, wa m'zaka za m'ma 800, polemba buku lotsutsa Akhristu adayamba ndi kufotokoza zimene magulu awo atatu, a Melkite, a Yakobo ndi a Nestorius, amakhulupirira, gulu lililonse palokha. Adafotokoza molondola kotero kuti Mkhristu wophunzira Yahya ibn Adi pomuyankha adakopera mawu ake ambiri, ndipo ndi kudzera mwa iyeyo mmene bukulo lidatifikira. Ibn Taymiyya, amene adamwalira mu 1328, polemba *Al-Jawab al-Sahih* ankayamba walemba ndime ya kalata ya Akhristu a ku Cyprus, kenako n'kuyankha. Anthu amenewa sadali ofooka pa Tawhid. Ankadziwa kuti safunsa adadya phula.

Ambiri mwa achinyamata athu adaphunzira mtsutso pa makanema a Sheikh Ahmed Deedat wa ku Durban, amene adamwalira mu 2005. Allah amuchitire chifundo, adalimbitsa mitima ya Asilamu pa nthawi imene ankanyozedwa. Koma iye adawerenga zaka zambiri asadakwere pa nsanja, pamene otsanzira ake atola nthabwala zokha n'kusiya kuwerengako.

Zimene fiqh ikutiuza

Surah Al-Ma'idah, imene ikukana Utatu mwamphamvu, ndi yomweyonso imene pa ayah 5 ikuloleza chakudya cha Ahlul Kitab ndi kukwatira akazi awo odzisunga. Sayyidina Abdullah ibn Umar sankakondwera ndi ukwati wotere chifukwa cha chikhulupiriro chawo pa Isa, koma ma ulama ambiri adauloleza, ngakhale madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsata, adaikapo malire okhudza nthawi imene makolo a mkaziyo adalowera chipembedzocho. Mfundo yake ndi yakuti Shari'ah idawadziwa Akhristu ndi Utatu wawo, idakana chikhulupirirocho, koma idawapatsabe malo awoawo, osiyana ndi a opembedza mafano.

Surah Al-Ankabut ayah 46 ikulamula kuti kutsutsana nawo kukhale mwa njira yabwino koposa. Surah Al-An'am ayah 108 ikuletsa kutukwana zimene ena amapembedza, kuopa kuti angabwezere potukwana Allah. Surah Al-Ma'idah ayah 8 ikuchenjeza kuti kudana ndi anthu kusatichititse kusiya chilungamo. Kumunenera munthu chimene sakhulupirira ndi umboni wabodza, ndipo bodza silisanduka halal chifukwa choti lanenedwa pa da'wah.

Kuno ku Mangochi nkhaniyi si ya m'mabuku okha. Pa chilimira chimodzi pamakhala Msilamu ndi Mkhristu, ndipo mwera ukawapeza pakati pa nyanja amapalasa limodzi. M'mabanja ambiri muli malume wa ku mzikiti ndi azakhali a ku tchalitchi, ndipo pamaliro timakhala pa mphasa imodzi. Mnyamata akanyoza pamsika n'kukwera minibasi kubwerera ku tauni, otsala ndi mkwiyowo ndi Asilamu a m'mudzimo. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kuchokera pa ulendo uja tidaika lamulo m'kalasi mwathu, ndipo tikulipereka kwa aphunzitsi anzathu kuti aliganizire. Wophunzira asadaloledwe kutsutsa Utatu, alembe tsamba limodzi lofotokoza chiphunzitsocho, moti mkulu wa mpingo ataliwerenga avomereze kuti ndi zimenedi amakhulupirira. Alembenso tsamba lachiwiri lofotokoza sifa za Allah monga Ahlus Sunnah amaphunzitsira. Akakhoza awiriwa, alembe lachitatu lotsutsa. Mnyamata uja tsamba loyamba adalibwereza katatu. Tidamuuza kuti akadzapitanso ku Chembe akawafunefune agogo aja, akayambe ndi kupepesa, kenako akawawerengere.

Allah atiwongolere ife ndi anansi athu ku njira yoongoka, ndipo ateteze malirime athu ku bodza. Iye ndiye Wodziwa koposa.